Kupala ndi kusalaza hedi ya injini pakhomo: ndiyambire pati?

Wa Citi Golf, Rosettenville

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi Citi Golf ya 1.6 ya mavalavu 8, ndipo sabata yatha ndinagula hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini momwe mumakhala mavalavu) ina kusikirapu kuti ndiphunzirirepo kupala njira zodutsa mpweya ndi utsi, osakhudza kaye imene ili pagalimoto. Zida zimene ndili nazo ndi giraindala yaing'ono yamagetsi, tizitsulo topalira ta carbide ndi timipukutu ta sandipepa. Kodi njirazi ndizikuze mpaka pati, nanga n'zoona kuti ziyenera kusalala mpaka kuwala ngati kalilole? Galimotoyi ndi yoyendera kuntchito tsiku ndi tsiku, siyampikisano ayi. Ndikungofuna kuti izikoka bwino pamtunda.

Makaniko wa ku Booysens

Achimwene, mwaganiza bwino kuyambira pa hedi ya kusikirapu. Koma mawu akuti kukuza muwachotse kaye m'mutu, chifukwa ambiri amene amandibweretsera mahedi oonongeka anayamba ndi maganizo omwewo. Njira ikakula kwambiri, mpweya umayendamo pang'onopang'ono injini ikamazungulira motsika, ndiye silinda simadzaza bwino ndipo galimoto imafooka ponyamuka pamaloboti. Kuno vutoli limakula chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu imene ikanatulutsa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Liwiro la mpweya wochepa womwewo ndilo muyenera kuliteteza.

Ntchito yeniyeni ili kumunsi kwa siti ya valavu, pamene valavu imakhazikika ikatseka. Chotsani mavalavu, lowetsani chala m'mphakomo, ndipo mumva kamzere kakuthwa pamene makina a kufakitale analekezera kudula ndi kukumana ndi aluminiyamu wosadulidwa. Kamzere kameneko ndiko mupale kuti pakhale potsetsereka bwino. Palinso khona laling'ono pamene njira imakhotera kulowera kuvalavu. Lisalazeni lokha kuti likhale lobulungira, koma musalitsitse, pakuti mukalidya kwambiri mpweya umalephera kutsata khonalo. Ikani tepi pa siti ya valavu giraindala isanayandikire, chifukwa kutsetsereka kamodzi kokha kumaiononga.

Za kalilole ndi zoona mbali imodzi basi. Njira ya utsi mukhoza kuisalaza kuti mwaye usamamatire msanga. Njira yolowera mpweya imalizeni ndi sandipepa ya nambala 60 kapena 80 n'kuisiya yokhakhala choncho, makamaka ngati galimoto yanu ndi ya kabuleta, chifukwa pakhoma losalala kwambiri petulo amakonda kusonkhana timadontho n'kumayenderera m'malo moyenda limodzi ndi mpweya. Mukamaliza, pititsani hediyo kwa odula masiti akaidule makona atatu, a madigiri 30, 45 ndi 60. Kwa ine, pa galimoto ya mumsewu, ndalama imeneyo imabweza phindu kuposa maola onse amene mungathere ndi giraindala.

Wa Nissan 1400, Turffontein

Zimene anena bambo a ku Booysens ndi zoona, ndipo ine ndinaziphunzira mowawa. Ndinapala hedi ya bakkie (pikapu) yanga mofuna kuti njira zonse zioneke zazikulu, osadziwa kuti kuseri kwa khoma kumadutsa madzi oziziritsa injini. Pomanga zonse zinkaoneka bwino, koma patatha masiku ochepa ekizozi inayamba kutulutsa utsi woyera, madzi a mu radiyeta akungotsika, ndipo titayeza tinapeza kabowo kosaposa nsonga ya singano pamene ndinapyapyalitsa khoma. Choncho hedi yanu ikayezedwe ngati siikutayitsa madzi musanaimange.

Aluminiyamu amamata m'mano a kachitsulo kopalira, ndiye muzikanyika m'mafuta kapena kukapaka kandulo pafupipafupi. Valani magalasi ndi chophimba mphuno, pakuti tizidutswa timeneti tikalowa m'diso sitituluka wamba. Pomaliza tsukani hediyo ndi madzi otentha a sopo, mukolope ndi kaburashi mabowo onse odutsa oyilo, chifukwa mchenga wa sandipepa ukatsalira umakathera m'maberingi.

Mlongo wanu wa ku Germiston

Ndionjezere za chipinda choyakira mafuta. Chilichonse chimene mwapala m'menemo chimakulitsa chipindacho ndi kutsitsa kompuresheni (kupanikizika kwa mpweya musilinda), imene kuno sitiyenera kuitaya. Bwezerani mavalavu ndi pulagi, vundikirani chipinda ndi kagalasi kobooka mutapaka girizi m'mbali, kenaka thirani madzi ndi sirinji n'kulemba mamililita amene alowa. Zipinda zonse zinayi zifanane. Pakamwa pa njira ya utsi musapakuze kufika pa mzere wa gasiketi. N'kwabwino kuti pakhale pocheperako kuyerekeza ndi manifodi, mapaipi olandira utsi kuchokera ku hedi.

Wa Citi Golf, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Usiku uno ndalowetsadi chala kumunsi kwa masiti, ndipo kamzere kaja ndakapeza m'njira zonse zisanu ndi zitatu. Loweruka ndiyamba ndi silinda imodzi yokha, ndipo ndidzatumiza zithunzi kuti bambo a ku Booysens aone ndisanapitirire ku zinazo.