Ndithandizeni nzeru pa mafunso a Chiteki a anthu oikidwa mapapo ena

Akuluakulu, makamaka inu amene munachitapo kafukufuku wa zachipatala, ndithandizeni. Ndikuphunzira za fizo ku Istanbul, m'dziko la Turkey, ndipo ndikuyesa ngati mafunso a London Chest Activity of Daily Living, oyeza kubanika pa ntchito za tsiku ndi tsiku, omasuliridwa m'Chiteki (chiyankhulo cha ku Turkey), angathandize pa anthu amene anawaika mapapo a munthu wina. Mafunsowa ndi 15 ndipo anawakonzera odwala COPD (matenda okhalitsa a m'mapapo obanikitsa): kodi mumabanika povala nsapato, pokwera masitepe, poyankhula?

Pandivuta kwambiri ndi pa mafunso 6 a ntchito zapakhomo, monga kuyala bedi, kusesa ndi kutsuka mbale. Amene sagwira ntchitoyo n'kale amapatsidwa 0, ndipo mamakisi ochepa amatanthauza kuti munthu sabanika kwambiri. Dzulo bambo wina wachikulire, atavala chophimba kukamwa, anandiyankha kuti chikwatirire sanagwirepo tsache. Mamakisi ake anatsika ngati kuti ali bwino, chonsecho atayenda mphindi 6 m'khonde anafika akupuma wefuwefu, atagwira khoma. Zinandikhudza. Kodi ndiwerengere maperesenti a mafunso okhawo amene munthu wayankha, kapena ndisiye momwe zilili?

China, ambiri amati mu kafukufuku wotere pafunso lililonse pakhale odwala 5 kapena 10, ndiye kuti osachepera 75. Oikidwa mapapo ndi ochepa, ena amakhala kutali ku Anatolia, chigawo cha Turkey cha ku Asia. Ndikawafunsanso kachiwiri pa foni pakatha sabata, kodi mayankhowo ndingawafananize ndi oyamba aja a pamasom'pamaso? Amene munakumana nazo, chonde ndiuzeni momwe munachitira.