Anapiye akufa m'bandakucha: ndi matenda kapena ndi chisanu cha Ogasiti?

Mayi wa ku Dedza:
Alimi anzanga, ndakupatsani moni nonse. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kwa masiku anayi tsopano, ndipo ndikupempha inu amene munayamba kale ntchitoyi kuti mundiunikire. Ndinatenga anapiye 200 a nkhuku za nyama kumapeto kwa Julayi, ndipo lero akwanitsa masiku 11. M'sabata yoyamba ndinataya awiri okha, zimene sizinandidetse nkhawa, koma kuyambira tsiku lachisanu ndi chitatu ndikupeza anayi kapena asanu atafa m'mawa uliwonse, moti onse pamodzi afika pa 19. Chodabwitsa n'chakuti masana amadya bwino, amamwa madzi ndipo amathamangathamanga, koma ndikatsegula chitseko m'mawa ndimapeza akufawo ali pakona imodzimodzi, ena ataphwanyika ngati munthu anawaponda. Ndimayika mbaula ya makala madzulo, ndipo mawindo onse ndinatseka ndi mapepala a pulasitiki chifukwa kuno kumazizira kwambiri. Kodi pamenepa ndikulakwitsa chiyani?

Bambo wa ku Mitundu:
Pepani kwambiri mayi. Ine maganizo anga akupita ku chitopa, pakuti nyengo yake ndi ino, pamene mphepo yayamba kuuluza fumbi ndipo anthu akuyenda ndi nkhuku m'misika. Ngati simunapereke katemera, fulumirani lero lomwe, ndipo musalole munthu wochokera kukhola lina kulowa m'khola lanu.

Mlangizi wopuma wa ku Zomba:
Bambo a ku Mitundu anena zoona kuti chitopa chimavuta kwambiri m'miyezi yopanda mvula ino, ndipo langizo loletsa alendo kukhola ndi labwino nthawi iliyonse. Komabe ndikupempha kuti tisathamangire katemera tisanamve bwino nkhaniyi, chifukwa katemera amateteza nkhuku yamoyo wabwino ndipo sachiritsa imene yadwala kale. Chitopa sichisankha ola lophera. Nkhuku yachitopa imazyolika masana onse, imasiya kudya, imapuma movutikira, imachita zitosi zobiriwira, ndipo ina imapinda khosi n'kumazungulira pamalo amodzi. Mayiwa akunena kuti anapiye awo masana ndi anyonga, ndipo akufa usiku okha, pakona imodzi, ataphwanyika. Zimenezi kwa ine zikuloza kwina.

Mayi, ndiyankheni mafunso awa musanagule mankhwala alionse. Kodi pali chimene munasintha m'khola pa tsiku lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chitatu? Makala mumawonjezera kangati usiku, ndipo mukalowa m'mawa mbaula imakhala ndi moto kapena phulusa lokha? Pansi munayala chiyani? Ndipo mukangotsegula chitseko, kodi m'maso mumamva kuyabwa kapena mutu kulemera?

Mayi wa ku Dedza:
Zikomo abambo, mafunso anu andichititsa manyazi pang'ono, chifukwa ndikuona kuti yankho lili mwa ine ndemwe. Katemera wa chitopa ndinapereka pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, wa m'madzi akumwa, ndipo zizindikiro zimene mwatchulazo sindinazione. Koma tsiku lomwelo ndinachotsa makatoni amene ndinazunguliza anapiye, n'kuwasiya kuti aziyenda m'chipinda chonse, pakuti ndinaona kuti akula ndipo masana kwayamba kufunda. Ndinasiyanso kudzuka usiku. Ndimadzaza mbaula cha m'ma 9 koloko n'kukagona, ndipo m'mawa ndimapeza phulusa lozizira. Pansi ndinayala utuchi, koma pafupi ndi zomwera wanyowa. Za mutu kulemera n'zoona, makamaka madzulo ndikangoyatsa makala.

Mlangizi wopuma wa ku Zomba:
Mayi, musachite manyazi, pakuti mwezi wa Ogasiti wapusitsa alimi ambiri mwa njira yomweyi. Mu Juni ndi Julayi aliyense amadziwa kuti kukuzizira, chifukwa ngakhale masana munthu savula juzi, ndiye palibe amene amanyozera moto. Ogasiti akalowa, dzuwa la masana limayamba kuwotcha, malata amatentha, ndipo mlimi amaganiza kuti chisanu chatha. Koma usiku wopanda mitambo umazizira kuposa usiku wa mitambo, chifukwa kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawira kumwamba popanda choutchinga, ndipo kuzizira kumafika pachimake m'bandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Ku Dedza, kumene kuli pamtunda kwambiri, kusiyana kwa usana ndi usiku kumakhala kwakukulu ndithu. Mbaula imene mwadzaza 9 koloko imakhala itazima kale pofika 2 koloko, ndiye anapiye amakumana ndi ola lozizira koposa alibe moto ngakhale pang'ono.

Mwanapiye wa masiku 11 akadali ndi ubweya wobadwa nawo, nthenga zenizeni zangoyamba kumera m'mapiko, ndipo sangathe kusunga yekha kutentha kwa thupi lake. M'sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35 pamalo pamene iye ali, ndipo timatsitsa ndi madigiri pafupifupi atatu sabata iliyonse, kutanthauza kuti anu akufunabe madigiri 29 mpaka 32 usiku wonse. Akazizidwa amafunafuna anzawo kuti afunditsane, ndipo m'chipinda cha makona anayi amathamangira pakona n'kukwerana. Apamwamba amapulumuka, apansi amabanika. N'chifukwa chake mukuwapeza ataphwanyika pamalo amodzimodzi. Makatoni amene munachotsa aja ankagwira ntchito ziwiri, yosunga kutentha pafupi ndi mbaula ndiponso yochotsa makona.

Vuto lachiwiri ndi mpweya. Makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo kapena mtundu, womwe umapha anthu amene agona ndi mbaula m'nyumba yotseka, ndipo mutu wanu ukalemera ndiye kuti mpweyawo ulimo. Utuchi wonyowa ndi zitosi umatulutsanso fungo loyabwa m'maso limene limawononga mapapo a anapiye. Mwatseka mawindo onse ndi pulasitiki, ndiye zonsezi zikungozungulira m'katimo.

Chitani izi madzulo ano. Bwezerani mpanda wozungulira, wautali kufika m'bondo, koma muukulitse kuposa poyamba kuti mwanapiye amene watenthedwa athe kuthawa moto. Yatsani makala panja, muwasiye ayake mpaka utsi wonse utatha ndipo afiira, kenako muwalowetse. Dzukani pakati pa usiku ndiponso tambala woyamba akalira kuti muwonjezere makala, amenenso muziyatsira panja. Pamwamba pa mawindo siyani mpata wa chikhatho chimodzi mbali ziwiri, kuti mpweya woipa uzituluka pamwamba popanda mphepo kuwomba anapiye pansi. Utuchi wonyowawo ukokoleni lero, muyalepo wouma wochindikala masentimita 5 mpaka 10.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Ndikugwirizana ndi abambo athu a ku Zomba, koma pa nkhani ya mbaula ndiwonjezerepo, chifukwa mbaula yachitsulo ndiyo inandilepheretsa ine kwa zaka ziwiri. Imatentha mwamphamvu ola loyamba, anapiye n'kuthawira kumpanda atayasamula kukamwa, kenako imazima mwamsanga n'kuzizira nthawi yomweyo. Ndinasinthira ku mphika wadothi waukulu, umene woumba anandibowolera timabowo m'mbali dothi lisanaume. Ndimaika phulusa pansi pake, makala ofiira pamwamba pa phulusalo, n'kuwazanso phulusa pang'ono pamwamba kuti asanyeke msanga, ndipo pakamwa pake ndimavundikira ndi phale losatseka kwenikweni. Mphikawo ndimaukhazika pa njerwa zitatu kuti usakhudze utuchi, pakuti utuchi wouma suchedwa kugwira moto. Dothi limasunga kutentha nthawi yaitali makala atazilala, moti kudzuka kamodzi usiku kumandikwanira. Kwa anapiye 200, achemwali, ikani miphika iwiri motalikirana, kuti asalimbirane malo amodzi.

Kuno kwathu tili ndi vuto lina limene inu a ku Dedza mwina simulidziwa kwambiri, ndilo chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Ikabwera, utuchi umanyowa wokha ngakhale madzi asanatayikepo, ndipo ndinaphunzira kusunga thumba la mankhusu a mpunga pamalo ouma kuti ndizisinthira. Kuti mudziwe ngati zoyala zanu zili bwino, tapani chikhatho chimodzi n'kufinya. Zikagwirana ngati mpira ndiye kuti zanyowa, koma zikayoyoka mukatambasula dzanja, zikadali bwino.

Bambo wa ku Mitundu:
Ndavomereza kuti ndinafulumira ndi chitopa. Koma bwanji osangoika mababu a magetsi n'kuiwala za makala ndi utsi wake? Ine ndimagwiritsa ntchito amenewo, ndipo ndimagona mpaka kucha.

Mnyamata wa ku Mzimba:
Bambo, ndikupempha kuti mufotokoze mtundu wa mababuwo, chifukwa ine ndinapwetekeka pamenepo chaka chatha. Ndinagula mababu a masiku ano osadya magetsi ambiri, ndinapachika anayi, khola linawala ngati sitolo, koma kutentha kunalibe, ndipo ndinataya anapiye ambiri usiku umodzi wa Ogasiti. Mababu amenewa anapangidwa kuti aziwala osatentha. Amene amafunditsa ndi ofiira aja opangidwira anapiye, a mawati 250 kapena ocheperapo pang'ono, ndipo ngakhale amenewo magetsi akazima pakati pa usiku mlimi ali m'tulo, zotsatira zake n'zofanana ndi za mbaula yozima. Ine tsopano ndili ndi babu lofiira, koma mphika wa makala umagona uli wokonzeka pakhomo pa khola.

Ndiwonjezere kanthu kamodzi kamene anandiphunzitsa agogo ena oweta nkhuku kwathu kuno. Mukalowa m'khola m'mawa, nyamulani mwanapiye mmodzi n'kugunditsa timapazi take patsaya panu. Tikakhala tozizira ndiye kuti pansi panazizira usiku, ngakhale inuyo mutaimirira mukumva kufunda, pakuti mpweya wofunda umakwera m'mwamba ndipo mwanapiye amakhala pansi.

Mlangizi wopuma wa ku Zomba:
Mwana wanga wa ku Mzimba wanena mfundo yaikulu, ndipo n'chifukwa chake amene ali ndi choyezera kutentha azichipachika pa msinkhu wa mwanapiye, osati pakhoma pamene maso a munthu amafika. Amene alibe asadandaule, chifukwa anapiye eni ake amanena. Akaunjikana pa mphika n'kumalira mokweza, akuzizidwa. Akathawira kumpanda, mapiko atatambasula, kukamwa kuli yasa, atenthedwa. Akasonkhana mbali imodzi yokha, pali mphepo imene ikulowa pena pake, ndipo muifufuze pansi pa chitseko. Akabalalika ponseponse, ena akudya, ena atagona, kulira kwawo kuli kwapansipansi, bwererani mukagone.

Mayi a ku Dedza, musaiwalenso mbali ya masana. Pulasitiki amene akukuthandizani usiku ndi yemweyo amene angawotche anapiye dzuwa likakwera. Cha m'ma 9 koloko m'mawa muzipinda mapepalawo kuyambira pamwamba, makamaka mbali imene sikuchokera mphepo, pakuti m'miyezi ino imawomba kwambiri kuchokera kum'mwera chakum'mawa, yomwe asodzi a kunyanja amaitcha mwera. Dzuwa likapendeka muzitsekanso msanga, kutentha kwa masana kusanathawe. Madzi amene agona panja usiku musawapatse m'mawa ali ozizira choncho, koma muwasakanize ndi ofunda pang'ono kuti akhale ngati a m'mtsuko wa m'nyumba. Ndipo mukaona kuti imfa zikupitirira mutachita zonsezi, kapena zikuchitika masana, tengani akufawo mupite nawo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo kuti akawatumbule.

Mayi wa ku Dedza:
Ndabweranso patatha masiku atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Madzulo omwewo ndinabwezera mpanda wa makatoni, ndinachotsa utuchi wonyowa wokwana ndowa zinayi, ndipo ndinang'amba pulasitiki pamwamba pa mawindo awiri. Mphika wobowola sindinaupeze msanga, ndiye ndinatenga mtsuko wakale wong'aluka umene unali kuseri kwa khitchini, mwamuna wanga n'kuubowola mosamala ndi msomali, ndipo ndinauika pamodzi ndi mbaula ija. Usiku woyamba ndinadzuka 12 koloko ndi 3 koloko. Pa 3 koloko ndinapeza mbaula itazima kale pamene mtsuko unali wofundabe, ndipo anapiye ambiri anali atauzungulira, atagona khosi lili tambalala pa utuchi. M'mawa mwake ndinapeza mmodzi yekha atafa, amene anali wofooka kale, ndipo masiku awiri otsatirawa sindinataye aliyense. Mutu wanganso wasiya kulemera chiyambireni kuyatsira makala panja. Ndayesa za timapazi patsaya, ndipo lero tinali tofunda.

Funso limene latsala ndi lakuti, moto ndidzausiye liti? Makala akundidyera ndalama, komanso katemera wa gumboro, matenda ena opha anapiye, wayandikira.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Tathokoza pobwera kudzatiuza, achemwali. Masana mungathe kusiya moto kuyambira tsopano ngati dzuwa likuwala, koma usiku pitirizani mpaka akwanitse masabata atatu, ndipo kwanu ku Dedza ine ndingafikitse anayi ngati m'mawa kukadali mame ozizira. Musauchotse tsiku limodzi. Yambani ndi kuchotsa mbaula n'kusiya mtsuko wokha, kenako muzichepetsa makala, uku mukukulitsa mpanda masiku atatu alionse. Mukadzachotseratu mpandawo, pindani makatoni omwewo n'kuwaimika m'makona onse anayi kuti pasakhale pounjikana.

Mlangizi wopuma wa ku Zomba:
Za gumboro tsatirani tsiku limene anakulemberani kumene munagula anapiye, popeza tsopano achira ndipo akudya bwino. Perekani katemerayo m'mawa kukangofunda, mutawamana madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti amwe onse mwamsanga, ndipo musungunulire m'madzi a pachitsime kapena pamjigo opanda klorini, chifukwa klorini amapha katemera. Usiku wa tsiku limenelo musachepetse makala.