Kodi lamulo lopanda chilungamo ndi lamulobe?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Dzulo usiku tinali kuwotha mbaula kuno ku Katoto, chifukwa Mzuzu wazizira kwambiri sabata ino. Mayi akusenda mbatata, anatikumbutsa za lamulo la 1973 lomwe linkaletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, mpaka linachotsedwa mu 1993. Ine ndinati limenelo silinali lamulo, inali nkhanza basi. Mayi anaika mpeni pansi n'kundifunsa kuti, "Nanga apolisi ankagwira anthu potsata chiyani, mwanawe?"

Ndinasowa choyankha, ndipo zikundivutabe mumtima.

Thomas Aquinas, wansembe wa Chikatolika wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1200, ankaphunzitsa kuti lamulo lotsutsana ndi chilungamo si lamulo lenileni. H.L.A. Hart, katswiri wa zamalamulo wa ku Britain wa m'zaka za m'ma 1900, ankati lamulo likakhazikitsidwa motsata ndondomeko yovomerezeka, ndi lamulo ndithu, kuipa kwake ndi nkhani ina. Mtima wanga uli kwa Aquinas, koma funso la mayi likugwirizana ndi Hart.

Tsono gawo 5 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limati lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu. Pamenepa tikutsata maganizo a ndani? Nanga wapolisi yemwe ankagwira akazi nthawi imeneyo, tinene kuti ankalakwa kapena ankangogwira ntchito yake? Amene munaphunzira zamalamulo, chonde ndimasulireni.