Maluwa a ku Namaqualand akundifera ku Chibavi, ndalakwitsa pati?

Wa ku Chibavi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga pobwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi anandigulira kapaketi ka njere za Namaqualand daisy, timaluwa tofiirira ngati lalanje lakupsa. Akuti kwawo kwa timaluwati, ku Namaqualand m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, timamera tokha m'chipululu. Ndinafesa mu Januwale kuseri kwa nyumba pomwe ndimalima mpiru, n'kuthira manyowa a nkhuku osaumira. Zinamera bwinobwino, koma patangopita masabata awiri tsinde linayamba kuda m'munsi, kambewu n'kungogwa khwethe. Patsala ziwiri zokha, nazonso sizikulonjeza. Njere zatsala theka la paketi ndipo ndikuopa kuziwononganso.

Mayi a ku Katoto:
Achemwali, simunalakwitse dzanja, mwalakwitsa mwezi. Ku Namaqualand mvula imagwa nthawi yozizira, yochepanso, ndipo maluwa amaphuka mu Ogasiti ndi Seputembala. Inu mwafesa mu Januwale, mvula ya Mzuzu ili pachimake, kuonjeza apo ku Chibavi komwe madzi amadikha pakhomo. Mizu yaola basi. Dikirani mvula ilekeze, ndipo mukudziwa kuti kuno imachedwa kutsanzika, ndiye Meyi ali bwino. Ine ndimagwiritsa beseni lakale lobooka pansi: timiyala pansi, pamwamba mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, mchengawo uchuluke. Manyowa a nkhukuwo asiyireni mpiru, awa akadya kwambiri amangochita masamba. Njere musakwirire mozama, kungowaza kamchenga pamwamba. Zikamera muzithirira pokhapokha mwapisa chala n'kupeza pouma. Fesani pomwe zikhalire, sizikonda kuwokeredwa.

Bambo a ku Mchengautuwa:
Kkkk bweretsani njerezo kuno, dzina la dera lathu lomwe likunena za mchenga woyera. Koma zoona zake, samalani ndi mthunzi. Kuseri kwa nyumba ayi, ikani pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, m'miyezi yozizirayi ndi mbali ya kumpoto. Maluwa amenewa amatseka kukada, ngakhalenso kukachita mitambo. Chaka chatha ndinkachoka m'mawa nkhungu ili tolo, kubwera madzulo, nthawi zonse kuwapeza atapinda. Ndinangoti afota, ndinatsala pang'ono kuwazula. Mayi akunyumba ndi amene anandiseka, amvekere, "Inu mumawaona ali m'tulo." Lamulungu nditaweruka kutchalitchi ndinapeza beseni lonse lili psuu, njuchi zili piringupiringu.

Wa ku Chibavi:
Zikomo kwambiri nonse, beseni lilipo lomwe ana anaboola. Funso lina: m'paketimo munali njere zaphwatalala zopepuka ngati pepala, ndi tina tooneka ngati tizitsotso. Tizitsotsoto ndinasankha n'kutaya poganiza kuti ndi zinyalala. Ndinachita bwino?

Mayi a ku Katoto:
Ayi ndithu, mwataya mbewu! Duwa limodzi limabala njere za mitundu iwiri, zaphwatalalazo zimachokera pakati pa duwa, tatimitengoto m'mphepete. Zotsalazo fesani zonse. Ndipo maluwa akatha, mtengo wake umauma n'kufa, ndi mbewu ya chaka chimodzi, musadzabwerenso pano mukulira. Muzidzathyola mitu youma mphepo isanamwaze njere, musunge mu envulopu mpaka Meyi wina. Osati m'jumbo, zimachita nkhungu.