Mpopi wa pa sinki ukudonthabe, washala ndasintha kawiri

Wa ku Chitakale: Akuluakulu thandizeni msanga. Mpopi wa pa sinki ya kukhitchini, pillar tap ya hafu inchi, yamkuwa yakale ija yopotokola. Washala ndinasintha Lolemba, Lachitatu mayi apanyumbapo aimba kuti wayambanso. Ndinapita, kuika ina yatsopano, kuchoka uli gwa. Lero m'mamawa foni, ati usiku wonse tho tho tho, beseni lomwe anatchera ladzaza. Gland nut, nati ya pansi pa chogwirira, ndi youma, pa spindle, kachitsulo komwe chogwirira chimazunguza, palibe kanthu, ukudonthera kukamwa. Ulendo wachitatu uno, ya kabaza ikutuluka m'thumba mwanga, ndipo mayiwo ayamba kundiona ngati ndikuwabera. Ndikuphonya pati?

Wa ku Luchenza: Zulani muike wina amwene. Nthawi yomwe mwataya yaposa kale mtengo wa mpopi.

Mdala wa ku Likhubula: Musanathamangire kusitolo, seat, mkombero womwe washala imakhalapo, mwaiona? Tsekani stopcock, valavu yotsekera madzi obwera ku mpopi, chotsani mutu wonse, walitsani tochi ya foni m'katimo, kenako yendetsani chikhadabo pa mkombero pomwe washala imakhala. Chikakodwa penapake, dziwani kuti madzi anakumba kangalande. Kamakhala kowonda ngati tsitsi koma ngakhale mutasintha mawashala khumi sikatsekeka. Kwathu kuno nyengo ya mvula madzi amabwera ndi timchenga. Tikatsakamira pa seat, eni nyumba amapotokola ndi mphamvu zonse kuti usiye kudontha, timchengato n'kumapala mkuwa. Mankhwala ake ndi reseating tool, chida chopalira seat kuti isalale, koma mwaulemu, kuzunguza kawiri katatu n'kuyang'ana. Mukadya kwambiri seat yatha, mpopi mwaupha.

Wa ku Chitakale: Ndinangopisa chala mdala, tochi sindinawalitse. Tool imeneyo ndilibe. Pa boma ingapezeke kapena mpaka ku Limbe?

Wa ku Luchenza: Mwaonatu. Mpaka ku Limbe chifukwa cha mpopi umodzi. Ikani quarter turn, mpopi wotseka mukangopotokola kota yokha, mukagone tulo.

Wa pa boma la Thyolo: Quarter turn pa madzi a mchenga samalani nayo. M'katimo muli timbale tiwiri ta ceramic, tikangokandika palibe washala yoti musinthe, muyenera kupeza cartridge, kachipangizo komwe muli timbaleto, yofanana ndendende, ndipo sizilowana zonse. Komanso imatseka mwadzidzidzi. Pamene pali pulesha yambiri mapaipi amachita kugunda m'khoma. Ine ndinaika pa nyumba ina kumunsi kwa chitunda, pasanathe mwezi flexible, paipi yopindika ya pansi pa sinki, inaphulika eni ake ali kutchalitchi. Anapeza ufa, makatoni, zonse zikuyandama.

Mayi pulambala wa ku Bvumbwe: Achimwene, mwati ukudontha usiku. Ine maso anga ali pamenepo. Usiku anthu atseka mipopi, pulesha imakwera. Pa madzi otsika okha kuchokera kumtunda, mamita 10 alionse ndi pafupifupi 1 bar, ndiye thanki ikakhala mamita 60 pamwamba panu muli pa 6 bar. Inu mumayesa masana ukakhala wofatsa n'kuona ngati mwathana nawo. Mangani gauge yoyezera pulesha pa mpopi wa panja, mukaione m'bandakucha. Ndipo musanamizidwe zotseka stopcock theka. Zimangochepetsa kathamangidwe ka madzi mpopi ukatsegulidwa, ukatsekedwa pulesha imabwerera pomwe inali. Ikakhala yambiri pafunika PRV, valavu yochepetsa pulesha.

Mdala wa ku Likhubula: Zoona mayi. Kuonjezera apo, pomasula mutu gwirani thupi la mpopi ndi bobojani wina, mutakulunga kansanza kuti musakande. Mukakoka ndi sipanala imodzi mpopi wonse umazungulira pa sinki, back nut yomangira mpopi kunsi kwa sinki n'kumasuka kapena kusweka ngati ili yapulasitiki. Ndipo stopcock musaikhulupirire, tsegulani mpopi muone kuti madzi asiyadi. Ndili mnyamata ndinamasula mutu stopcock isakugwira, unandiphonya pang'ono diso, madzi mpaka kudenga. Ndinatseka ndi chikhatho ndikukuwira mwana kuti athamangire ku mita.

Wa ku Luchenza: Zonsezi ndi mpopi wakale. Gauge, tool, PRV, kasitomala alipira zimenezo? Ndanena kale, sinthani.

Mayi pulambala wa ku Bvumbwe: Mkuwa wakale uja ndi wolimba kuposa yambiri yopepuka yomwe yadzaza m'misikamu, ina ulusi umalala tsiku lomangira lomwelo. Ngati vuto ndi pulesha, watsopanowo udonthanso.

Wa ku Muloza: Washala munaikayo ndi yogula kapena yodula ku tayala? Yodula pamanja sikhala yosalala. Onaninso jumper, kachitsulo komwe washala imamangidwapo, ikapindika washala imakhala chopendekera.

Wa ku Chitakale: Yogula. Jumper ndikaiona mawa pamodzi ndi seat. Mdala, tool yanuyo mungandibwereke? Ndibwera kudzatenga ndekha.

Wa ku Luchenza: Mudzandiuza.