Bwanji Colossus ili ndi tikiti yakeyake ku Bletchley Park?

mlendo_MK: Abale amene mukudziwa tandithandizeni. Ndikufuna kupita ndi ana ku Bletchley Park, malo a ku England komwe ankamasulira mauthenga achinsinsi a adani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, holide ikubwerayi koma ndaona kuti Colossus, chikompyuta chija cha pa nkhondo yachiwiri, chili ku The National Museum of Computing ndipo kumeneko umalipiranso tikiti ina chonsecho malo ndi amodzi. Mnzanga kuntchito akuti eni akewo anayambana. Nzoona?

nganga_yamakompyuta: Ndi mabungwe awiri achimwene. Oyang'anira malowo ndi a Bletchley Park Trust, a Museum of Computing amachita lendi mu nyumba ina pamalopo yotchedwa Block H. Nkhani inaphulika mu Januwale 2014 pomwe BBC inaonetsa mdala wina wavolontiya, woyenda ndi alendo, atauzidwa kuti basi asabwerenso chifukwa ankatengerabe anthu kukaona Colossus pomwe mabwana anali atanena kuti ulendo usamafike kumeneko. Nthawi yomweyo amamanganso mpanda pakati, anthu mpaka kuutcha Berlin Wall kkkk

mayi_awiri: Koma tisamangonyoza mabwanawo. Anali pa ntchito yokonza malo ya mapaundi 8 miliyoni, gawo lalikulu kuchokera ku Heritage Lottery Fund, thumba lothandiza kusamala malo a mbiri, tinyumba tamatabwa tija momwe ankagwiramo ntchito a Alan Turing, katswiri wa masamu, ndi anzawo tinali titawola. Ukalandira ndalama ngati zimenezo sungalole aliyense azingoyendetsa alendo mmene akufunira. Ulendo anaufupikitsa kuchoka pa mphindi 90 kufika pa ola limodzi, kwa ine wa ana ang'ono ola ndi lokwana ndithu.

nganga_yamakompyuta: Mayi zoona ndalama zimabwera ndi malamulo ake, koma taganizani anthu ake ndi ati. Kumayambiriro kwa ma 1990 malo aja anatsala pang'ono kugumulidwa kuti amangepo nyumba, anawapulumutsa ndi anthu odzipereka omwewa, Trust kukhazikitsidwa mu 1992. Tony Sale ndi gulu lake anamanganso Colossus pongoyang'ana zithunzi zochepa ndi mapulani osakwanira poti boma linaphwanya makinawo nkubisa nkhani yonse, ntchito kutha mu 2007, ma valve (timachubu tagalasi tamagetsi) oposa 2,000, opanda salale, ndiye munthu wapereka ma wikendi ake zaka zonsezo udzamuuze kuti nayi script, werenga izi zokha, uko usapiteko? Volontiya sumulipira ndiye sungamuopseze ndi kumudula malipiro, chomwe ali nacho ndi ulemu basi, ukamulanda umenewo amanyamuka ndi nzeru zake zonse. Ndipo Block H si nyumba wamba, Colossus inagwiradi ntchito momwemo nthawi ya nkhondo.

kabaza_wa_ku_Luton: Aise gulani matikiti onse awiri musadandaule. Kuyambira 2018 Bombe yomangidwanso, makina ena othandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a Ajeremani, inasamukiranso ku Block H, ndiye makina oyenda ali kumeneko, kulinso kompyuta yakale yotchedwa WITCH ya 1951 yomwe imagwirabe ntchito. Mbali ya a Trust muona nyumba yaikulu ndi ma hut, tinyumba tamatabwa tija. Chekani kaye masiku otsegula pa intaneti, samafanana.

mlendo_MK: Zikomo nonse. Tiyambira ku makinako ana asanatope.