Mtovu ndi mkuwa m'madzi a m'nyanja yamchere: ASV ikupereka manambala osakhazikika

Wa_mu_labu: Akuluakulu, ndikuyeza cadmium, mtovu ndi mkuwa m'madzi a m'nyanja yamchere ndi anodic stripping voltammetry (ASV), njira yosonkhanitsa zitsulo pa electrode ndi magetsi kenako n'kuziyeza pamene zikuchokapo, pa electrode ya mercury. Mtovu ukutuluka wambiri zedi, ndipo sampulo imodzimodziyo ikupereka manambala osiyanasiyana. Mkuwa ndiye sukuoneka n'komwe. Pavuta pati?

Mayi_wa_Chemistry: Mtovu umenewo mwina si wa m'nyanja ayi, ukulowera m'labu momwemo. Pakati pa nyanja umangokhala ma picomole makumi angapo pa lita, choncho kafumbi kamodzi kakwanira kuwononga zonse. Wasayansi wa ku America Clair Patterson anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Mabotolo agalasi asiyeni, tengani apulasitiki a LDPE, muwanyike mu asidi wa HCl kwa sabata, kenako muwatsuke ndi madzi oyeretsedwa kwambiri a Milli-Q. Madzi a m'nyanjawo asefeni ndi sefa ya 0.45 µm, muthire HCl woyeretsetsa kuti pH itsike pansi pa 2. Osaiwala kuyeza blank (madzi oyera ndi asidi yekha, popanda sampulo), chifukwa nthawi zina wakuba amakhala asidi yemweyo.

Kondwa_V: Za mkuwazo, achimwene, ulipo koma ndi womangika. M'madzi a pamwamba pa nyanja, mkuwa woposa 99 peresenti umagwirana ndi ma organic ligand (mamolekyu ochokera ku zamoyo amene amamanga zitsulo), ndiye sufika pa electrode. Ikani sampulo yothira asidi m'machubu a quartz, muiwalitse ndi kuwala kwa UV kwa maola angapo kuti ma ligand aphwanyike, mkuwa umasuke. Musanayeze, uziranimo nitrogen kwa mphindi 5 kuti oxygen atuluke. Electrolyte musawonjezere, mchere wa magalamu 35 pa kilogalamu ndi wokwana. Poyerekeza ndi electrode yoyezerapo ya Ag/AgCl, cadmium amatulukira cha pa -0.6 V, mtovu cha pa -0.4 V, mkuwa cha pa -0.2 V chifukwa cha chloride. Ndipo calibration yopangira m'madzi wamba ingokunamizani. Chitani standard addition, kuthira mlingo wodziwika wa chitsulocho mu sampulo n'kuyezanso, kawiri kapena katatu mu cell momwemo.

Wa_mu_labu: Zikomo. Nanga zinc ndingamuyezere pomwepo?

Mayi_wa_Chemistry: Pa pH 2 ayi. Zinc amafuna deposition (kusonkhana pa electrode) cha pa -1.2 V, ndipo pamenepo hydrogen amachita thovu n'kuphimba peak, chizindikiro cha zinc pa graph. Kwezani pH ifike 4.6 ndi acetate buffer. Ngati electrode yanu ndi mercury film, zinc amagwirana ndi mkuwa, peak n'kuchepa. Gallium pang'ono amathetsa zimenezo. Yesaninso njira yanu yonse pa madzi a m'nyanja odziwika kale mlingo wa zitsulo zake, a CASS kapena NASS, ochokera ku bungwe la kafukufuku la NRC Canada, musanakhulupirire manambala anu.